Mafuta a chamba osaledzeretsa: zimene asayansi apeza, zimene lamulo likulola, ndi ufulu wanu

Papita zaka kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la chamba mu February 2020, koma mpaka lero anthu ambiri amangolimva mwatheka. M'misika ya Bembeke, Chimbiya, Linthipe ndi Lobi mumamveka mawu akuti "chamba anachiloleza." Ena amawonjezera kuti tsopano kuli chamba chosaledzeretsa chimene chimachiza khunyu, shuga, nyamakazi ngakhale khansa, makamaka ngati mphamvu zake zingapo zaphatikizidwa m'botolo limodzi. Ndipo poti chipata cha Dedza ndi khomo lolowera mabasi ochokera ku Joni, timabotolo ta mafuta olembedwa CBD sitichedwa kufika m'manja mwa abale athu.

M'nkhani imeneyi muli choonadi, mulinso bodza. Munthu wosasiyanitsa ziwirizi angathe kutaya ndalama, kuwononga thanzi la mwana wake, kapena kukagona kundende. Lamulo linatsegula khomo, koma khomolo ndi la chiphaso. Sayansi nayo yapereka chiyembekezo, koma zambiri zikadali pa kafukufuku. Pakati pa ziwirizi pali inu, wodwala, wogula kapena mlimi, ndipo muli ndi ufulu komanso udindo womwe muyenera kuudziwa.

Kodi m'chomerachi muli chiyani?

Chamba chili ndi mphamvu zamitundumitundu zoposa 100 zimene asayansi amazitcha cannabinoid. Yodziwika kwambiri ndi THC. Iyi ndiyo imaledzeretsa, ndipo ndiyo imachititsa kuti chamba chikhale m'gulu la mankhwala ozunguza bongo. Ina ndi CBD, yomwe siledzeretsa. Palinso CBG, CBC ndi CBDA, zomwe nazonso siziledzeretsa, ngakhale kuti zimapezeka pang'ono kapena sizinafufuzidwe mokwanira. Kuwonjezera apo muli timafuta tonunkhira totchedwa terpene. Timafutati si ta chamba chokha ayi. Pinene ndi amene amanunkhira mukamadutsa m'nkhalango ya paini ya Chongoni, limonene ali m'khungu la ndimu, ndipo caryophyllene amapezekanso mu tsabola wakuda.

Wasayansi wa ku America, Roger Adams, ndiye anayamba kupatula CBD mu 1940. Kenako Raphael Mechoulam wa ku Israel anafotokoza kapangidwe ka CBD mu 1963, ndipo mu 1964 iye ndi mnzake Yechiel Gaoni anapatula THC. Patapita zaka zinadziwika kuti thupi la munthu lili ndi timalo take tolandirira mphamvuzi, totchedwa CB1 ndi CB2, komanso kuti thupilo limapanga lokha mankhwala ofanana nazo. Oyamba mwa mankhwalawa, anandamide, anapezeka mu 1992. Timalo timeneti timakhudza kumva ululu, tulo, njala ndi chitetezo cha m'thupi. N'chifukwa chake madokotala sakuiona nkhaniyi ngati nthano. THC imagwira mwamphamvu pa CB1 mu ubongo, n'kuledzeretsa munthu. CBD simagwira choncho, imadzera njira zina.

Ganizo lophatikiza linachokera kuti?

Mu 1998 Mechoulam ndi Shimon Ben-Shabat analemba kuti mankhwala ena a m'thupi, omwe paokha amaoneka ngati alibe ntchito, amawonjezera mphamvu ya anzawo akakhala pamodzi. Mu 2011 dokotala wa za ubongo, Ethan Russo, anakuza ganizoli ponena kuti mwina mphamvu za m'chamba ndi timafuta tonunkhira tija zimathandizana pochiza. Kunena mwachidule, ganizo lake ndi la mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga: CBD yokha ingathandize, koma ikakhala ndi anzake ingathandize koposa, kapena ingafunike yochepa.

Ganizoli lili ndi umboni wina. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Sydney ku Australia anapeza kuti mbewa za mu labotale zikapatsidwa CBDA pamodzi ndi mphamvu zina za m'chomeracho, CBDA imachuluka m'magazi kuwirikiza ka 14 poyerekeza ndi pamene yaperekedwa yokha. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu zinazo zimatsekereza kanjira ka m'matumbo komwe kamabweza mankhwala kuti asalowe m'magazi. Caryophyllene nayenso anapezeka mu 2008 kuti amagwira pa CB2, malo okhudzana ndi kutupa.

Koma palinso umboni wotsutsa. Akatswiri ena atayesa timafuta tonunkhira tambiri todziwika, anapeza kuti sitisintha chilichonse pa CB1 ndi CB2. Komanso zofufuza zambiri za kuphatikiza CBD, CBG ndi CBC zachitika pa mbewa ndi pa tizidutswa ta thupi tosungidwa mu labotale. Mankhwala ambirimbiri amene anachiza mbewa analephera atayesedwa pa anthu. Choncho amene akukuuzani kuti kusakaniza kumeneku kwatsimikizika kuti kumachiza matenda akutiakuti, akunena zopitirira pomwe asayansi eniake afika.

Taonaninso mbali ina ya kafukufuku wa ku Sydney uja. Ngati kuphatikiza kungachulukitse mankhwala m'magazi ka 14, ndiye kuti kungachulukitsenso kuopsa kwake. Kusakaniza sikuti nthawi zonse kumabweretsa zabwino zokhazokha.

Zimene zatsimikizika pa anthu

Pali malo amodzi pomwe umboni wa CBD ndi wolimba: mitundu ina yosowa ndiponso yovuta ya khunyu. Mu 2017 kafukufuku wa ana ndi achinyamata 120 odwala khunyu lotchedwa Dravet anaonetsa kuti omwe analandira CBD, kugwa kwawo kunatsika kuchoka pa maulendo pafupifupi 12 pamwezi kufika pa 6. Omwe analandira mafuta ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala, kugwa kunangotsika kuchoka pa 15 kufika pa 14. Mu June 2018 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex pa khunyu la Dravet ndi la Lennox-Gastaut, ndipo mu 2020 linawonjezera matenda ena otchedwa tuberous sclerosis.

Pali zinthu zitatu zofunika kuziona apa. Choyamba, mankhwalawa ndi CBD yoyengedwa bwino, yoyezedwa mlingo, osati chisakanizo. Chachiwiri, anawo sanasiye mankhwala awo akale. CBD inangowonjezeredwa pamwamba, dokotala akuyang'anira. Chachitatu, kwa ambiri mwa iwo khunyu silinathe, linangochepa.

Mankhwala ena ovomerezeka ndi Sativex, omwe ku Britain anawaloleza mu 2010 kuti athandize kuuma kwa minofu kwa odwala multiple sclerosis. Awa ndi ophatikizadi, koma muli CBD ndi THC pafupifupi mofanana, kotero sali m'gulu la osaledzeretsa.

Pa nkhani ya ululu, kusowa tulo ndi nkhawa, zofufuza zikupitirira ndipo zotsatira zake n'zosakanikirana. Palibe umboni woti CBD kapena chisakanizo chake chimachiza khansa, shuga, Edzi kapena kuthamanga kwa magazi mwa anthu.

Kuno kwathu khunyu limayamba pa zifukwa zosiyanasiyana: malungo a mu ubongo, kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu, komanso mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba akakafika mu ubongo, vuto lomwe akatswiri alipeza mochuluka m'boma la Angonia, tsidya lija la malire athu. Ambiri mwa odwala oterewa amapeza bwino ndi mankhwala omwe ali kale m'zipatala za boma kwaulere, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angathe kusiya kugwa atalandira thandizo loyenera.

Kusaledzeretsa sikutanthauza kusaopsa

Akatswiri a WHO ananena kuti CBD yoyera siyambitsa chibaba ngati fodya kapena mowa. Izi n'zoona. Koma CBD ndi mankhwala, ndipo mankhwala aliwonse ali ndi zovuta zake. Imayambitsa tulo, kutsekula m'mimba, kusowa chilakolako cha chakudya, ndipo kwa ena imapweteka chiwindi, makamaka akamamwanso sodium valproate.

Chiwindi ndicho chimagaya mankhwala ambiri amene timamwa, ndipo CBD imachedwetsa ntchito imeneyi. Zotsatira zake, mankhwala ena amachuluka m'magazi mopitirira muyezo. Warfarin, wosungunula magazi, ndi clobazam, wa khunyu, ndi zitsanzo zodziwika. Kumbali ina, rifampicin wa TB ndi carbamazepine amafulumizitsa chiwindi, kotero CBD imatha msanga isanagwire ntchito. Aliyense amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a khunyu, a mtima kapena a matenda a maganizo asayambe mafuta amenewa asanakambirane ndi achipatala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa akulangizidwa kuwapewa. Dziwaninso kuti mu 2023 bungwe loona za zakudya ku Britain linatsitsa mlingo umene limalangiza munthu wamkulu wathanzi kuchoka pa mamiligalamu 70 kufika pa 10 patsiku, poopa kuwonongeka kwa chiwindi.

Vuto lina ndi la m'botolo momwemo. Mu 2017 akatswiri ku America analengeza kuti anagula pa intaneti mitundu 84 ya mankhwala a CBD n'kuiyeza. Ndi 31 yokha pa 100 iliyonse imene inali ndi mlingo wolembedwa pachikutopo, ndipo mitundu 18 inapezeka ndi THC. Ngati zinali choncho kumeneko, nanga botolo lopanda dzina la wopanga logulidwa pa depoti? Chomera cha chamba chimayamwanso zitsulo zapoizoni za m'nthaka, ndipo chikhoza kukhala ndi nkhungu kapena mankhwala ophera tizilombo. Pa mwana kapena wachinyamata, THC yobisika m'mafuta si nkhani yamasewera, chifukwa imawonjezera chiopsezo cha matenda a misala.

Lamulo la 2020 likuti chiyani?

Nkhani yololeza chamba cha mafakitale inayamba kumveka kwambiri m'Nyumba ya Malamulo pamene a Boniface Kadzamira, omwe anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anaibweretsa mu 2015. Chaka chomwecho kuyesa mbewu kunayamba ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe mogwirizana ndi kampani ya Invegrow. Mu 2020 a Kondwani Nankhumwa, omwe anali nduna ya zamalimidwe, anapereka bilu imene inasanduka lamulo la Cannabis Regulation Act.

Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, mwachidule CRA. Bungweli ndilo limapereka ziphaso zolima, kuyenga, kusunga, kugulitsa, kunyamula, kutumiza kunja, kuitanitsa kuchokera kunja ndi kufufuza chamba. Lamulo likuzindikira mitundu iwiri. Chamba cha mafakitale ndi chimene THC yake sipitirira gawo limodzi pa magawo 100; chimapereka ulusi, mafuta a nthangala, zomangira ndi CBD. Chamba cha mankhwala chikhoza kukhala ndi THC yambiri, ndipo chimafuna chitetezo chokhwima. Mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 2,000 a ku America pa chiphaso cholima chamba cha mafakitale, ndi madola 10,000 pa cha mankhwala. Mu 2021 bungweli linalengeza kuti lapereka ziphaso 86 kwa makampani ndi makopaletivi 35.

Mu 2024 aphungu anavomerezanso bilu yofuna kuti chamba chathu chakuno, chomwe kunja amachitcha Malawi Gold, chizilimidwa ndi anthu a ziphaso kuti chipangidwe mankhwala ndi zinthu zina. Ngakhale bilu imeneyi sinanene kuti anthu azisuta.

Zimene lamulo silinaloleze

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Lamulo lakale la mankhwala oopsa, Dangerous Drugs Act, likugwirabe ntchito. Kusuta chamba, kupezeka nacho, kapena kudzala ngakhale mitengo iwiri kuseri kwa khola popanda chiphaso, ndi mlandu. Lamulo la 2020 nalo lili ndi chilango chake: wolima, woyenga kapena wogawa chamba mosatsata lamulo akhoza kulipitsidwa mpaka K50 miliyoni ndi kukhala kundende mpaka zaka 25.

Musadzinamize kuti "changa n'chosaledzeretsa." Chamba cha mafakitale ndi chosuta n'zofanana masamba ndi fungo. Wapolisi sangazisiyanitse ndi maso, inunso simungathe. Chimasiyanitsa ndi labotale ndi chiphaso. Kalata ya amfumu, ya sing'anga kapena ya mtsogoleri wa mpingo siingalowe m'malo mwa chiphaso cha CRA.

Ambiri akukumbukira mlandu wa 2022 wa mnyamata wa ku Blantyre amene analamulidwa kukhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba. Anthu anadandaula ndi kuchita zionetsero, ndipo bwalo lalikulu linachepetsa chilangocho. Mlanduwu unatiphunzitsa zinthu ziwiri: kuti lamulo likulumabe, komanso kuti chigamulo cha majisitireti chikhoza kuunikidwanso ku bwalo lalikulu.

Padziko lonse zinthu zasintha pang'ono. Mu December 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri, mayiko 27 atavomera ndipo 25 atakana. Uku kunali kuvomereza kuti chili ndi ntchito ya chipatala. Koma chinatsalabe pa mndandanda wa mankhwala oyenera kulondedwa.

Kwa abale obwera kuchokera ku Joni

Ku South Africa malamulo ndi ena. Mu September 2018 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chamba payekha pamalo ake. Mafuta a CBD a mlingo wochepa, osapitirira mamiligalamu 20 patsiku, amagulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo popanda kalata ya dokotala. N'chifukwa chake mwana wanu ali ku Johannesburg angakugulireni kabotolo ndi mtima wabwino, pomva kuti mawondo akukuvutani.

Koma lamulo la South Africa limathera pa Beitbridge. Basi yobwera kuno imadutsa Zimbabwe ndi Mozambique isanafike pa chipata cha Dedza, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Kulowetsa zinthu za chamba m'Malawi kumafuna chilolezo. Mukatumizidwa katundu kuti mukapatse wina, funsani zomwe zili m'katimo, chifukwa pa chipata amene amayankha mlandu ndi amene wanyamula.

Ufulu wanu ngati wodwala ndi wogula

Mankhwala aliwonse ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Bungweli limayang'aniranso mafamase ndi kutsatsa malonda a mankhwala. Lamulo loteteza ogula la 2003 limakupatsani ufulu wouzidwa zoona za chinthu chimene mukugula, wotetezedwa ku katundu woopsa, ndi wolandira chipukuta misozi mukapwetekedwa. Madandaulo a malonda achinyengo amapita ku Competition and Fair Trading Commission.

Choncho wina akakupatsani botolo, ligwireni m'manja ndi kuliwerenga modekha. Yang'anani dzina ndi keyala ya wopanga. Yang'anani nambala ya gulu lomwe linapangidwira limodzi, tsiku lopangidwa ndi tsiku lothera mphamvu. Onani ngati alemba mamiligalamu a CBD m'botolo lonse ndi m'dontho lililonse, komanso kuchuluka kwa THC. Onani ngati chotsekera sichinatsegulidwepo. Mukaona mawu akuti "full spectrum," dziwani kuti muli mphamvu zonse za chomeracho kuphatikizapo THC pang'ono. "Broad spectrum" akutanthauza kuti THC anaichotsa koma zina zilimo. "Isolate" ndi CBD yokha. Kenako funsani wogulitsayo chikalata cha ku labotale ndi chiphaso chake. Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso otere. Chikuto chikalemba mndandanda wa matenda khumi omwe akuti mafutawo amachiza, bwezani botololo.

Kuchipatala muli ndi ufulu wofunsa ndi kuyankhidwa m'chinenero chimene mukumva, ndiponso wosungiridwa chinsinsi. Tiyerekeze mayi wa ku Mayani amene wabwera pa chipatala cha boma cha Dedza ndi mwana wodwala khunyu, buku la kuchipatala lili m'manja, kabotolo kali komanga pa nsonga ya chitenje. Iye angathe kunena kuti, "Adokotala, mlongo wanga wanditumizira mafuta awa kuchokera ku Joni, akuti amathandiza kugwa. Ndisanam'patse mwanayu ndati muyambe mwaona." Wachipatala wodziwa ntchito yake sangamukalipire. Adzafunsa kuti, "Mayi, mwanayu akumwa mankhwala ati pakali pano, ndipo wagwa kangati mwezi uno?" Mwina adzapeza kuti mlingo wa mankhwala akale wachepa chifukwa mwana wakula, kapena kuti masiku ena mankhwala amadumphitsidwa. Mayiyu wachita chinthu chofunika kwambiri: sanabise, ndipo sanasiyitse mwana mankhwala. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a khunyu kungayambitse kugwa kosalekeza komwe kumapha.

Mukaona kuti kuchipatala sanakulandireni bwino, kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Nkhani za khalidwe la madokotala zimapita ku Medical Council of Malawi.

Ufulu ndi udindo wa mlimi

Alimi a ku Dedza amadziwa ulimi wa malonda. Mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato za m'mapiri muno zimadyetsa Lilongwe ndi Blantyre. Mitengo ya feteleza ikamakwera ndipo mavenda akamagula motchipa, n'zomveka kuti munthu amve kukoma akauzidwa za mbewu yogulidwa ndi madola. Mu 2021 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, nayenso analimbikitsa alimi kuganizira mbewu zina, kuphatikizapo chamba chovomerezeka, poona kuti msika wa fodya ukuchepa.

Mlimi aliyense ali ndi ufulu wopempha chiphaso, ndipo chifukwa cha kukwera kwa mtengo ambiri amadzera m'makopaletivi. Koma zaka zoyambirira zinasiya misozi. Alimi a m'makopaletivi angapo anadandaula poyera kuti anasonkha ndalama zambiri za maphunziro, mbewu ndi ziphaso, koma atakolola anasowa wogula. Ena anali atagulitsa ziweto kapena kutenga ngongole.

Musanasonkhe ndalama iliyonse, chitani izi. Onani chiphaso chenicheni cha CRA, dzina lolembedwapo, malo a munda ndi tsiku lothera, ndipo tsimikizani ku bungwelo lenilenilo. Onani ngati kopaletivi yanu inalembetsedwa ku boma. Funsani kuti mbewu ikuchokera kuti ndipo ndi yovomerezeka kodi, chifukwa mbewu yolakwika ikhoza kutulutsa THC yopitirira muyezo, zokolola zonse n'kukhala zosaloledwa. Mgwirizano ndi wogula ukhale wolembedwa, wonena mtengo, muyezo wa katundu, amene adzalipire labotale, ndi zimene zidzachitike wogula akadzakana katunduyo. Landirani lisiti pa ndalama iliyonse. Uzani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Dziwaninso kuti amene akulima chofuna CBD amasamala kuti mungu wa chamba chachimuna usafike pa maluwa, chifukwa maluwa akabereka nthangala mphamvu yake imatsika. Ulimi umenewu umafuna luso, mpanda, malo oumitsira aukhondo ndi mabuku olemba zonse zolowa ndi zotuluka.

Lamulo la ufulu wopeza mauthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakulolani kulembera bungwe la boma ngati CRA kapena PMRA kupempha uthenga womwe lili nawo. Gwiritsani ntchito ufulu umenewu musanaike dzina lanu pa chikalata chilichonse.

Mukamangidwa

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza aliyense womangidwa, ngakhale pa mlandu wa chamba. Muyenera kuuzidwa chifukwa chimene mwamangidwira m'chinenero chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe amene ayenera kukukakamizani kuvomera mlandu. Muli ndi ufulu woonana ndi loya ndi kuyenderedwa ndi abale. Muyenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Muli ndi ufulu wopempha belo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama za loya, pemphani thandizo ku Legal Aid Bureau. Mwana wosakwana zaka 18 asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo mlandu wake umapita ku bwalo la ana.

Musasaine chikalata chimene simunawerenge kapena kuwerengeredwa. Musapereke chiphuphu, chifukwa uwo ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Ngati wapolisi wakuzunzani, dandaulo lipite ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission. Ndipo ngati muli ndi chiphaso kapena kalata ya dokotala, muzikhala nazo nthawi zonse pamene mwanyamula katunduyo.

Udindo wa tonse

Makolo, musapatse ana mafuta a chamba popanda dokotala, ndipo muwasunge patali ndi ana monga muchitira ndi mankhwala ena onse. Mafumu a madera a Kaphuka, Kasumbu, Kachere, Tambala, Kachindamoto ndi ena onse, pa misonkhano yanu fotokozani momveka kuti chololedwa ndi ulimi wa chiphaso, osati kusuta. Asing'anga, musathire chamba m'mankhwala anu mobisa. Wodwala ali ndi ufulu wodziwa chimene akumwa, ndipo inu mukhoza kuimbidwa mlandu. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, kambani ndi achinyamata zoona zokhazokha, chifukwa akazindikira kuti mwawanamiza pa CBD sadzakukhulupiriraninso pa kuopsa kwa THC. Ndipo tonsefe tileke kusala odwala khunyu. Khunyu silopatsirana, si ufiti, ndipo munthu amene wagwa amafunika kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka cham'mbali, osamuika kanthu m'kamwa.

Boma nalo lili ndi ngongole kwa ife, ndipo ndi ufulu wathu kuikumbutsa kudzera mwa aphungu ndi makhansala. Tikufuna mankhwala a khunyu asamasowe m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa kusowa kwake ndiko kumathamangitsira makolo kwa ogulitsa mabotolo osadziwika. Tikufuna labotale yoyeza THC ndi CBD pa mtengo woti kopaletivi ya kumudzi ingakwanitse. Tikufuna malamulowa amasuliridwe m'Chichewa ndi kufika pa ofesi iliyonse ya zaulimi. Tikufunanso kuti masukulu athu a ukachenjede, monga Kamuzu University of Health Sciences ndi LUANAR, apatsidwe mpata ndi ndalama zofufuzira mbewu zakuno pa matenda akuno, kuti tsiku lina dokotala wa ku Dedza adzathe kulemba mankhwala ochokera m'minda yathu ali ndi umboni m'manja.

Kufikira tsiku limenelo, mulingo ndi uwu: wolima akhale ndi chiphaso, wogulitsa aonetse zikalata, wodwala ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo womangidwa adziwe gawo 42. Uzani anzanu kumpingo, ku banki m'khonde ndi ku kalabu ya alimi, chifukwa ambiri mwa amene ali m'ndende kapena m'ngongole pa nkhani ya chamba analowamo asanauzidwe zimenezi.